Pa Lirangwe, ana a mudzi umodzi asiyana njira

Isanakwane 6 koloko m'mawa, pa siteji ya Lirangwe pali kale anthu. Anyamata a makala akupalasa njinga zolemera kulowera ku Lunzu. Amayi a zitumbuwa akuyala mabeseni awo. Malole ochokera ku Zalewa akudutsa mumsewu wa M1 nyali zikadayaka.

M'mbali mwa msewumo mwaima kamtsikana kosapitirira zaka 8. Kavala tayi, masokosi oyera ofika m'maondo ndi nsapato zakuda zopolishidwa usiku. Chikwama chakumsana chikukapendeketsa. Kakuodzera chiimire, dzanja lili m'dzanja la amayi ake.

Minibasi yaima. Kondakitala wakanyamula m'khwapa n'kukapanikiza pakati pa matumba ndi anthu opita kuntchito m'tauni. Amayi apereka ndalama pawindo, n'kubwerera kukatsegula okala.

Dzuwa litatuluka, tinjira ta m'midzi tadzaza ana ena. Awa ndiye ambiri. Ena ali mu yunifolomu, ena avala za kunyumba. Ena nsapato, ena masilipasi, ena phazi pansi. Makope ali m'majumbo a shuga, kapu ya phala ikulendewera pachala. Akuthamanga kuti belu lisalire akadali panjira.

Onsewa ndi ana a dera limodzi. Ena mwa iwo agogo awo ndi amodzi.

Koma sukulu zasiyana.

Seputembala akamayandikira, nkhaniyi imautsa mapiri pachigwa m'makomo ambiri, kuyambira ku Chileka, Lunzu, Matindi mpaka Lirangwe ndi Mdeka. Mayi akuti mwana apite kupulaiveti. Bambo akuti ine ndinaphunzirira pansi pa mtengo koma si uyu ndikukudyetsani. Amalume, eni mbumba, nawo ali ndi mawu awo, makamaka ngati ndi iwo amene atumize ndalama kuchokera ku Joni.

Funso ndi limodzi: mwana akhale pa sukulu ya boma yapafupi, pomwe pamafika aliyense, kapena apite komwe dzina likumveka?

Zinayambira kutali

Kusankhira mwana sukulu si chinthu cha lero mu Blantyre. Amishoni a ku Scotland atakhazika mishoni yawo mu 1876, sukulu inali m'manja mwa mipingo, ndipo kholo linkapereka fizi. Sukulu ya HHI inatsegulidwa mu 1909, Blantyre Secondary School mu 1940. Malo anali ochepa, ofikako anali owerengeka, ndipo ambiri a kumudzi ankathera panjira.

Zinthu zinatembenuka mu 1994. Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mwana wa wosauka, yemwe ankaweta mbuzi anzake ali m'kalasi, analowa naye sukulu.

Makalasi sanakwane. Mabuku sanakwane. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anali asanapite ku koleji, n'kumawaphunzitsa ntchito ali kale pa bolodi.

Amene anali ndi kangachepe anayamba kuyang'ana kwina. Sukulu zapulaiveti zinamera paliponse, zina zomangidwa bwino, zina m'magolosale akale ndi m'nyumba za lendi. Zinafika poti mu 2009 unduna wa zamaphunziro unatseka mazanamazana a sukulu zotere chifukwa chosakwaniritsa zoyenera.

Kuyambira pamenepo, njira ziwiri zija sizinakumanenso.

Khomo la Fomu 1

Mukafunsa kholo chifukwa chimene likulipirira minibasi tsiku ndi tsiku pamene sukulu yaulere ili poteropo, silikuuzani za Sitandade 2. Likuuzani za Sitandade 8.

Mayeso a PSLCE, omwe bungwe la MANEB limalembetsa, ndiwo agwira mtima wa aliyense. M'zaka zaposachedwa, ana oposa 80 mwa 100 alionse olemba akhala akukhoza. Koma malo a Fomu 1 m'sekondale za boma akhala osakwanira ngakhale theka la okhozawo.

Kukhoza n'kwina, kusankhidwa n'kwina.

Ndipo kusankhidwako kuli ndi makwerero. Pamwamba pali sekondale za dziko lonse monga Blantyre Secondary, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, pamodzi ndi za mipingo zothandizidwa ndi boma monga St Patrick's ku Mzedi, Stella Maris, Providence ku Mulanje ndi Zomba Catholic. Pakati pali zogonera komweko za m'maboma, monga Lunzu Secondary. Pansi pali ma CDSS, sekondale zoyendera zomwe zinabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera m'malo akale ophunzirira a MCDE.

Ana ambiri a kuno akasankhidwa, ndi ku CDSS. Ma CDSS ambiri m'dziko muno akhala akuvutika ndi kusowa kwa malabu, mabuku ndi aphunzitsi a sayansi, ndipo pofika nthawi yosankha opita ku MUBAS, KUHeS kapena UNIMA, ana a m'sukuluzi amaoneka ochepa poyerekeza ndi unyinji wawo.

Makolo izi amazidziwa popanda kuwerenga lipoti lililonse. Amaona mwana wa uje atabwerera pakhomo ndi MSCE ya mapointi ambirimbiri, lero akuyendetsa kabaza.

Mantha amenewo ndi amene akudzutsa kamwana ka zaka 7 nthawi ya 4:30 m'mawa.

Boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a sekondale za boma akhale aulere. Ambiri apumirako. Koma kuchotsa fizi sikuwonjezera madesiki a Fomu 1, ndipo mpikisano wa malo abwino ukadali pomwepo.

Mwana wanga azilankhula Chingerezi

Chachiwiri chimene makolo amagula kupulaiveti ndi Chingerezi.

Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi. Koma lowani m'kalasi la Sitandade 1 pa sukulu ya boma ya kumudzi, mupeza aphunzitsi akufotokoza m'Chichewa, chifukwa ndi chimene ana akumva. Vuto limadza m'makalasi akuluakulu, pomwe mabuku ali m'Chingerezi, komanso pa mayeso a Sitandade 8, pomwe pepala lililonse kupatula la Chichewa limabwera m'Chingerezi. Mwana wodziwa bwino ulimi wa nandolo atha kulakwa funso la ulimi chifukwa sanamve zomwe afunsidwa.

Apa sukulu zapulaiveti zimapezerapo msika. Mwana wa ku nesale akafika pakhomo n'kupereka moni m'Chizungu, agogo amaombera m'manja, ndipo bambo amaona kuti ndalama yawo yagwira ntchito.

Koma kulankhula ndi kuwerenga si chinthu chimodzi.

Aphunzitsi amene akhalitsa pantchito amadziwa ana ofika kuchokera kupulaiveti akutha kuyimba nyimbo za Chingerezi ndi kutchula masiku a sabata, koma ukawapatsa ndime kuti awerenge n'kufotokoza, amangoyang'ana kudenga. Akadaulo a zamaphunziro akhala akunena kuti mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chiyankhulo chomwe amamva, ndipo luso limenelo ndi lomwe amalowa nalo m'chiyankhulo chachiwiri. N'chifukwa chake ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016, imayendetsa Chichewa ndi Chingerezi pamodzi kuyambira Sitandade 1.

Pali sukulu zapulaiveti zophunzitsa zonse ziwiri mwaluso. Palinso zomwe zimalanga mwana akalankhula Chichewa pabwalo, koma osamuphunzitsa Chingerezi chenicheni. Kunja zonse zapakidwa penti wofanana.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Fizi si yokhayo

Kholo likamawerenga mtengo wa pulaiveti, kawirikawiri limawerenga fizi ya pa teremu basi. Zotsalazo zimatulukira m'njira: yunifolomu yogula pa sukulu pomwepo, zovala za masewero, mabuku, ndalama ya mayeso, ya ulendo, ya mwambo wotsanzikana ngakhale ku nesale. Kenako thiransipoti.

Kuchokera pa Lirangwe kukafika m'tauni ya Blantyre ndi makilomita oposa 30. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira m'zaka zapitazi, mtengo wa minibasi ndi Sienta umakwera tsiku lomwelo. Mwana amafika mochedwa, kapena safika n'komwe. Amabwera kunyumba dzuwa litalowa, kudya nsima akuodzera, homuweki osaigwira.

Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sukulu zapulaiveti zinakweza fizi, chifukwa nazonso zimagula choko ndi kulipira lendi. Koma wogulitsa tomato pa Lirangwe, wophwanya miyala kapena mlonda wa ku Chileka sanakwezeredwe ndi aliyense.

Zotsatira zake zimaoneka pakati pa teremu. Ana obwezedwa chifukwa cha fizi amakhala pakhomo sabata ziwiri, zitatu, mayi akudikira tsiku la banki m'khonde. Ena amakalowa katapila. Ena amagulitsa chimanga mu Juni, n'kudzachigula chodula mu Januwale.

Mapeto ake mwana amachotsedwa, n'kukalembetsedwa ku boma komwe ankamuthawitsa kuja. Chaka chamawa geni ikayenda, abwereranso kupulaiveti ina yotsikirako mtengo. Alipo ana ofika Sitandade 6 atadutsa sukulu zinayi.

Mwana woyendayenda chotere amataya zambiri kuposa amene wakhazikika pa sukulu imodzi, ngakhale yosaukayo.

Zimene chikwangwani sichinena

Zotsatira zikatuluka, sukulu zapulaiveti zimapachika nsalu pageti ndi kulengeza pa wailesi: onse akhoza, angapo apita ku sekondale za dziko lonse. Pa WhatsApp mindandanda imayenda, iyi yoyamba, iyi yomaliza.

Manambalawo atha kukhala oona. Koma sanena zonse.

Sukulu yolipira imasankha ana isanawaphunzitse. Fizi yokha imasefa: amene amafika kumeneko ndi ana omwe kwawo kuli magetsi kapena sola, adya m'mawa, ndipo pali wina wotha kuwathandiza masamu. Zina zimalembetsa mayeso olowera. Zina zimabweza ofooka ku Sitandade 7, kapena kuuza makolo awo mwaulemu kuti akayese kwina, kuti mbiri ya sukulu isade.

Sukulu ya boma ilibe mwayi wotero. Imalandira wamasiye, wobwereza kalasi kachitatu, wojomba masiku a msika, wobwera m'mimba muli zii. Onsewa amawerengedwa pa zotsatira zake.

Choncho mndandanda umakuuzani kwambiri za ana amene analowa pageti, koma pang'ono chabe za ntchito imene aphunzitsi anagwira.

Nkhani ya aphunzitsi nayo imadabwitsa ambiri. Mphunzitsi wa pulayimale ya boma amakhala atadutsa ku koleji, monga ya Blantyre TTC kapena ya DAPP ku Chilangoma, m'dera la Chileka. Kupulaiveti kuli mitundu iwiri: aphunzitsi a koleji omwe akudikira kuti boma liwalembe ntchito, ndi achinyamata a MSCE okha olandira malipiro ochepa. Oyambawo dzina lawo likangotuluka ku boma amanyamuka, ngakhale pakati pa teremu.

Chimene pulaiveti imaposera boma n'chodziwika: ana ochepa m'kalasi, ndiponso mwini sukulu amene amaima pageti kuona mphunzitsi wochedwa. Makope amachongedwa. Sitiraka kulibe. Zimenezi si zazing'ono.

Kalasi la aliyense

Tisanamizane, sukulu ya boma ili ndi mavuto. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi akusowa popondapo kuti afike kumbuyo. Buku limodzi ana angapo. Aphunzitsi amachulukana pa sukulu za m'mbali mwa tala, za kumidzi yakutali n'kumasowa. Mu 2020 Covid-19 inatseka sukulu kwa miyezi. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy atawomba, sukulu zambiri za m'chigawo cha kummwera zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Komabe pali zina zimene zimapezeka kumeneko zokha.

M'kalasi limodzi pa malo ngati Lirangwe mumakhala Mmang'anja, Mngoni, Myao ndi Mlomwe. Muli wa ku CCAP, wa Katolika, wa Seventh Day ndi wopita ku madrasa masana. Mwana wa wapolisi wakhala ndi mwana wa wootcha makala. Wa anamwino akubwereka labala kwa mwana wa woyendetsa ngolo. Muli woyendera ndodo, muli wachialubino yemwe anzake aphunzira kumusiyira malo kutsogolo kuti aone pa bolodi.

Palibe amene amalemba mayeso a zimenezi. Koma mwana wokulira m'kalasi lotere amadziwa kuti mnzake akagona pa desiki mu Febuluwale si ulesi, ndi njala. Akadzakhala dokotala kapena DC, sadzafunika womumasulira moyo wa anthu amene akuwatumikira.

Mwana wokwera minibasi uja amakula mosiyana. Anzake ali ku Lunzu kapena m'tauni, ndipo Loweruka amakhala m'mpanda. Pamaliro ndi paukwati amaima pambali ngati mlendo. Ana a m'mudzi amamutcha mzungu, iye n'kumawaona ngati otsalira. Makolo ena amadzazindikira mochedwa kuti mwana wawo satha kupereka moni kwa amfumu.

Palinso phala. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'sukulu za pulayimale, ndipo ophika ndi amayi odzipereka a m'midzi yomweyo. Ndondomeko ya BEFIT, yomwe inayamba mu 2023, ikubweretsa matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'makalasi ang'onoang'ono a sukulu za boma, zinthu zomwe pulaiveti zambiri zotsika mtengo zilibe.

Akachoka olankhula

Pali chinthu china chomwe kholo lililonse palokha silichiona.

Amene amachotsa ana ku boma si anthu wamba. Ndi a bizinesi ya pamsika, azaumoyo, abusa, apolisi, ngakhale aphunzitsi a pa sukulu yomweyo. Ndi anthu odziwa kulemba kalata, osaopa kulowa mu ofesi ya ahedi, otha kuimbira mlangizi wa zamaphunziro (PEA) kapena khansala n'kufunsa kuti ndalama zotukulira sukulu zayenda bwanji.

Iwowa akachoka, komiti ya sukulu ndi PTA zimatsala ndi anthu omwe amaumba njerwa ndi kututa mchenga mokhulupirika, koma pamsonkhano amangoti zikomo. Mphunzitsi akajomba Lolemba lililonse, palibe wofunsa. Chimbudzi cha atsikana chikagwa, chimatha chaka.

Sukulu ikalowa pansi, enanso amachotsa ana awo. Zimangozungulira choncho.

Palibe angaloze chala mayi wofunira mwana wake zabwino. Mwana sadikira kuti dziko likonzeke. Sitandade 1 amalowa kamodzi. Koma mtengo wa chisankho chimenechi amalipira ndi ana otsalawo, omwe makolo awo sanafunsidwe n'komwe.

Njira zapakati

Makolo ambiri a kuno sali mbali imodzi. Amasakaniza monga thumba lalolera.

Ena amayambitsa mwana ku nesale ndi pulaiveti mpaka Sitandade 4, kuti agwire kuwerenga m'kalasi la ana ochepa, kenako n'kumupititsa ku boma. Ena amachita mosemphanitsa: boma mpaka Sitandade 6, pulaiveti zaka ziwiri zomaliza kuti akonzekere mayeso. Ena amamusiya ku boma n'kumalipira pati taimu masana, ngakhale unduna wakhala ukuletsa aphunzitsi ake kulipiritsa ana. Ena amabwerezetsa mwana Sitandade 8 ngakhale anakhoza, kufuna kuti dzina lituluke ku sekondale yogonera.

Palinso mabanja omwe ndalama imangokwanira mwana mmodzi. Apa ndi pomwe pamapweteka. Woyamba apite kupulaiveti, ang'ono ake ku boma. Kapena mnyamata uku, mtsikana uko. Ana amaona, ndipo saiwala.

Kwa atsikana osankhidwa ku CDSS yakutali, makolo ena amawapezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira. Mtunda umachepa, koma mwana wa zaka 14 amakhala yekha pa malo a malonda, pomwe malole amagona. Magulu a amayi a m'sukulu akhala akulimbana ndi zotsatira zake.

Pitani mukaone nokha

Aphunzitsi opuma ndi alangizi a zamaphunziro amagwirizana pa mfundo imodzi: sukulu siisankhidwa pa wailesi.

Pitani tsiku wamba, osati tsiku lolandira alendo. Fikani 7:30 muone aphunzitsi angati afika. Musathamangire ku Sitandade 8. Pemphani kuona Sitandade 2, chifukwa m'menemo ndi momwe mwana amagwira kuwerenga kapena kukuphonya. Tsegulani kope la mwana aliyense muone tsiku lomaliza lomwe cholembera chofiira chinadutsamo. Zungulirani kuseri muone zimbudzi ndi mjigo.

Ngati ndi pulaiveti, funsani chiphaso cha unduna, ndiponso ngati ili ndi nambala ya MANEB yolembera mayeso pomwepo. Funsani ana angati anali mu Sitandade 7 chaka chatha, ndipo angati mwa iwo analemba mayeso chaka chino. Funsani aphunzitsi akhalapo zaka zingati.

Kenako khalani pansi muwerenge ndalama ya zaka 8, osati ya teremu imodzi. Muwerengenso maola amene mwana azithera mumsewu.

Mukatero, mabanja ena adzasankha pulaiveti, ndipo adzakhala atasankha bwino. Ena adzapeza kuti pa sukulu ya boma yomwe ankaidutsa osayang'anako pali mayi wa Sitandade 1 amene waphunzitsa theka la mudzi kuwerenga, ndipo ndalama ya minibasi ingagule nyali ya sola, mabuku ndi dzira la m'mawa.

Kulikonse kumene mwana apite, ntchito ya kholo siithera pa risiti. Madzulo mupatseni buku awerenge mokweza, mumufunse zomwe wamva. Ngati inu simutha kuwerenga, alipo mkulu wake kapena mwana wa aneba.

Ndipo ahedi a sukulu ya boma akaitanitsa msonkhano wa makolo ndi mafumu, pitani ndithu, ngakhale wanu amakwera minibasi. Geni ikadzagwa, kapena matenda akadzalowa pakhomo, sukulu yokhayo imene idzamulandire popanda kufunsa ndalama ndi imeneyo.